Khansa ya pakhungu ikaganiziridwa kuti yafika m'anabere: kupapasa, sikani, singano kapena mpeni?

Munthu amene wabwera ndi bala losapola la pansi pa phazi ku chipatala chachikulu cha Mzuzu amayembekezera kuti dokotala athera nthawi yake yonse pa balalo. N'chifukwa chake ambiri amadabwa, ena mpaka kuchita manyazi, dokotala akangoliona balalo pang'ono n'kuwauza kuti agone chagada kuti awapapase m'mphechepeche. "Adokotala, vuto lili kuphazi kuno," amatero mayi akukoka chitenje chake. Komatu dokotalayo sanasochere. Iye akudziwa kuti khansa ya pakhungu ikamachoka pamene idayambira, kawirikawiri imayamba yafika m'anabere, ndipo zimene zala zake zipeze m'mphechepechemo n'zimene ziunikire ngati matendawa akadali a pakhungu pokha kapena ayamba kulowerera m'thupi.

Pa kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku timatchula mwanabere pokhapokha akatupa, monga zimachitikira mwana akapunthwa chala n'kuyamba kutsimphina chifukwa cha kachotupa ka m'mphechepeche. Zoona zake n'zakuti anaberewa timakhala nawo nthawi zonse, mazana angapo m'thupi lonse, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono ngati nyemba kapena kucheperapo. Ntchito yawo ndi kusefa timadzi timene timachoka m'minofu n'kumayenda m'timitsempha taketake, tosiyana ndi mitsempha ya magazi. Timadzi ta kuphazi ndi kumwendo timakasefedwera m'mphechepeche, ndipo nthawi zina timayamba tadutsa kuseri kwa bondo. Ta kudzanja ndi kumkono timapita m'khwapa. Ta kumaso, kukhutu ndi m'mutu timapita kutsogolo kwa khutu, pansi pa chibwano ndi m'khosi. Khungu la pamsana ndi pamimba ndiye losadalirika, chifukwa timadzi take tikhoza kupita m'khwapa, m'mphechepeche, kapena konsekonse. Maselo a khansa akasiyana ndi anzawo amatengedwa ndi timadziti n'kukakodwa mu sefa yoyamba imene akumana nayo.

Si khansa zonse za pakhungu zimene zimayenda chonchi. Ya mtundu wa basal cell carcinoma imadya pamalo amodzi kwa zaka zambiri ndipo kufika m'anabere n'kwa apo ndi apo kwambiri, kotero nkhaniyi siikuikhudza kwenikweni. Ya Kaposi, imene ambiri adaidziwa m'zaka zimene Edzi idali pachimake, imathandizidwa ndi ma ARV pamodzi ndi mankhwala a khansa, osati kuchotsa anabere. Zimene zimasowetsa madokotala tulo ndi ziwiri. Yoyamba ndi melanoma, imene mwa ife anthu akuda imakonda kumera pansi pa phazi, pachidendene, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, malo amene dzuwa silifikako n'komwe. Yachiwiri ndi squamous cell carcinoma, imene imamera pa chipsera chakale cha moto, pa chilonda chimene chatha zaka chisanapole, komanso pa khungu la anthu achialubino, makamaka pamakutu, pamilomo, kumaso ndi pakhosi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino oposa 134,000, kotero iyi si nkhani ya anthu owerengeka ayi. Ndinenenso kuti kuzizira ndi nkhungu za ku Mzuzu zimanyenga. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo cheza cha dzuwa chimene chimawononga khungu chimadutsa mitambo yopyapyala ngakhale tsiku limene munthu wavala juzi.

Njira zofufuzira anabere zilipo zingapo, koma n'kulakwa kuziika pamzere ngati katundu wa pamsika woti munthu asankhepo wokongola. Funso limodzi ndilo limazigawa: kodi mwanabere watupa kale moti akumveka ndi zala, kapena m'mphechepeche, m'khwapa ndi m'khosi muli bwinobwino? Njira imene ili yabwino kwa munthu wa gulu loyamba imakhala yopanda ntchito kwa wa gulu lachiwiri.

Kupapasa ndi kudikira

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi zala za munthu wodziwa ntchito. Mwanabere wotupa chifukwa cha tizilombo ta m'bala amakhala wofewa, wopweteka ukamukhudza, ndipo amasunthasuntha pansi pa khungu. Wa khansa kawirikawiri amakhala wolimba ngati nthudza yosapsa, sapweteka, ndipo akakhalitsa amamatirira ku minofu yozungulira kapena kulumikizana ndi anzake n'kupanga chibulumwa chimodzi. Kusapwetekako ndi kumene kumagoneka anthu tulo, chifukwa tidazolowera kuti chosapweteka sichipha.

Zala zili ndi malire ake. Sizingamve mwanabere amene ali mkati kwambiri, makamaka mwa munthu wonenepa, ndipo sizingadziwe ngati m'kamwanabere kooneka bwinobwino muli maselo ochepa a khansa. Kuno kwathu vuto lina n'lakuti mwanabere wotupa ali ndi eni ake ambiri. TB ya m'anabere a m'khosi ndi yofala, HIV imatupitsa anabere m'malo angapo nthawi imodzi, palinso khansa ya m'anabere momwemo yotchedwa lymphoma, ndipo munthu woyenda wopanda nsapato kumunda sasowa kamwanabere m'mphechepeche chifukwa cha ming'alu ndi minga. Bala la khansa lenilenilo likayamba kutuluka mafinya limatupitsanso anabere ngakhale khansa isanafikemo. Pachifukwa ichi madokotala ena amapereka mankhwala opha tizilombo kwa masabata angapo kuti aone ngati chotupacho chiphwe. Zimenezi zili ndi nzeru zake pamene bala lili ndi mafinya, koma kudikira kotere kumakhala chithandizo pokhapokha tsiku lobwereranso litalembedwa m'buku la kuchipatala ndipo wodwala n'kubweradi. Kudikira kopanda tsiku n'kupatsa khansa mpata. Choopsa china ndi kuyamba mankhwala a TB a miyezi isanu ndi umodzi pongoganizira chabe, kwa munthu amene ali kale ndi khansa ya pakhungu chapafupi ndi mwanabereyo; miyezi imeneyo ikamatha, chotupa chimene chikadachotsedwa chimakhala chitakula mosachotseka.

Sikani

Makina a sikani, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, amaona zimene zala zalephera. Mwanabere wabwino amaoneka wotalika pang'ono ngati nyemba, pakati pake pali kachigawo kowala ka mafuta. Amene walowedwa ndi khansa amasanduka wobulungira, kachigawo kowala kaja kamazimirira, ndipo khoma lake limanenepa mbali imodzi. Sikani sipweteka, ilibe cheza choopsa, ndipo ikhoza kubwerezedwa kangapo pachaka. Chofooka chake n'chakuti imangonena kuti mwanabereyu ndi wokayikitsa. Sinena kuti ndi khansa, popeza wa TB nayenso akhoza kuoneka chimodzimodzi. Zotsatira zake zimadaliranso kwambiri luso la amene wagwira makinawo. Phindu lake lalikulu ndi kulondolera singano pamalo oyenera, komanso kuyang'anira munthu amene anabere ake sanachotsedwe. Makina akuluakulu a CT ali ndi ntchito ina, yoona ngati khansa yafika m'mapapo, m'chiwindi kapena m'anabere a mkati mwa mimba, ndipo nawonso satha kuona timaselo tochepa.

Singano

Kwa munthu amene mwanabere wake akumveka kale ndi zala, imeneyi ndiyo njira imene ndimaiona kuti iyenera kubwera poyamba, ndipo ndi yoyenera kuifotokoza bwino chifukwa anthu ambiri amaiopa mopanda chifukwa.

Wodwala amagona pabedi, dokotala amapukuta khungu ndi sipiriti n'kupana mwanabere pakati pa zala ziwiri kuti asathawe. Kenaka amalowetsa singano yopyapyala, yocheperapo kusiyana ndi ija yotengera magazi pamkono, n'kuiyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo kangapo mkati mwa chotupacho. Zimene zimatuluka ndi kadontho chabe, nthawi zina kosaoneka n'komwe m'sirinji. Kadonthoko amakapopera pa kagalasi, amakapaka mopyapyala ndi kagalasi kena, n'kukaumitsa kapena kukamiza mu sipiriti. Mwa odwala ena a melanoma kadonthoko kamatuluka kakuda ngati mwaye, ndipo dokotala wozolowera amakhala atadziwa kale kumene nkhani ikulowera asanatumize kagalasiko ku labu. Zonsezi zimatha m'mphindi zochepa, munthu amadzuka n'kukakwera kabaza kubwerera ku Chibavi kapena ku Luwinga tsiku lomwelo. M'mabuku a kuchipatala njirayi amailemba mwachidule kuti FNA.

Ubwino wake waukulu kwa ife ndi wakuti kadontho komweko kakhoza kugawidwa pawiri. Gawo lina limapita kwa katswiri woona maselo pa maikulosikopu, gawo lina limapita ku makina a GeneXpert oyezera TB, amene amapezeka m'zipatala za m'maboma. Kubaya kamodzi kukhoza kuyankha mafunso awiri amene amavutitsa kwambiri kuno. Ubwino wina ndi wakuti singano sisiya bala limene lingadzasokoneze opaleshoni yaikulu ikadzafunika.

Zofooka zake ziliponso, ndipo wodwala ayenera kuzidziwa asanalandire zotsatira. Singano ikapeza maselo a khansa, yankho limenelo ndi lodalirika kwambiri. Ikapanda kuwapeza, sizitanthauza kuti mulibe, chifukwa mwina idadutsa pambali pa malo odwalawo kapena idangokoka magazi ndi zowola za pakati pa chotupa. Zotsatira zolembedwa kuti maselo anali osakwanira si uthenga wabwino kapena woipa, ndi chizindikiro choti kuyezako kubwerezedwe, makamaka molondoleredwa ndi sikani. Pali singano ina yonenepa imene imadula kachingwe ka mnofu kafupi ndiponso kopyapyala kuposa kamtengo ka machesi. Imeneyi imafuna mankhwala ochititsa dzanzi, imapweteka pang'ono kuposa inzake, koma imapereka mnofu weniweni umene katswiri angaupake mankhwala osiyanasiyana kuti asiyanitse melanoma, squamous cell carcinoma ndi lymphoma. Kumene singano yotereyi ilipo ndipo mwanabere sali moyandikana kwambiri ndi mtsempha waukulu wa magazi, imakhala yabwino kuposa kubwereza yopyapyala kachitatu.

Pali mantha amene amamveka kawirikawiri m'makomo, akuti khansa ikabayidwa kapena kukhudzidwa ndi chitsulo imalusa n'kufalikira. Manthawa sadachokere pachabe, chifukwa anthu adaonadi abale awo akumwalira patangopita miyezi yochepa atayezedwa. Koma chimene chidawapha ndi kuchedwa kufika, osati singano. Kubzalika kwa maselo m'njira imene singano yopyapyala yadutsa kumachitika mwa kamodzikamodzi kwambiri, ndipo opaleshoni ikadzachitika khungu la pamalopo limachotsedwera limodzi.

Kudula mwanabere mmodzi wathunthu

Singano ikalephera kawiri, kapena ngati akuganizira lymphoma, dokotala amang'amba khungu pang'ono n'kuchotsa mwanabere mmodzi yense. Yankho lake ndi lomveka bwino kuposa la singano chifukwa katswiri amaona mamangidwe onse a mwanabereyo, ngakhalenso ngati khansa yaboola chikopa chake n'kutulukira kunja. Mtengo wake ndi bala, ulusi, nthawi zina timadzi todikha pansi pa bala, komanso kudikira mpata wa ku fiyeta. Madokotala a opaleshoni ya khansa safuna kuti njirayi ikhale yoyamba kwa munthu amene khansa yake ya pakhungu ikudziwika kale, chifukwa kung'amba malo amene muli khansa kukhoza kumwaza maselo m'balamo ndipo chipsera chake chimalimbitsa minofu imene idzafunika kusendedwa pa opaleshoni yaikulu. Ikachitika, bala liyenera kudulidwa molunjika bwino kuti lidzachotsedwe lonse pa opaleshoni yotsatira. Kanthu kena kakang'ono koma kofunika ndi aka: mnofu wopita kwa katswiri wa maselo umamizidwa m'mankhwala a formalin, pamene woyezera TB suyenera kukhudza formalin. Mnofu wonse ukaponyedwa m'botolo limodzi, mwayi wofesa tizilombo ta TB ku labu umakhala watayika.

Kufufuza mwanabere woyamba kulandira timadzi

Tsopano tibwere kwa munthu wa gulu lachiwiri, amene ali ndi melanoma koma zala ndi sikani sizinapeze chilichonse m'anabere. Kwa zaka pafupifupi 100 madokotala adakangana za munthu ameneyu. Mu 1892 dokotala wa ku London, Herbert Snow, adalimbikitsa kuti anabere onse a chigawocho azichotsedweratu khansa isanaonekemo. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1970 adadzaonetsa kuti kuchita zimenezi sikutalikitsa moyo wa odwala onse pamodzi, pomwe ambiri mwa iwo ankatsala ndi miyendo yotupa chonsecho anabere awo analibe khansa.

Yankho lidabwera ndi dokotala Donald Morton wa ku California, amene mu 1992 adafalitsa njira yotchedwa sentinel node biopsy. Maganizo ake ndi osavuta kumva. Ngati timadzi ta pamalo pamene pali khansa timayamba tafika kwa mwanabere mmodzi kapena awiri tisanapitirire kwa ena, ndiye kuti mwanabere ameneyo ali ngati mlonda wa pachipata. Iye akakhala woyera, n'zokayikitsa kuti a m'mbuyo mwake adetsedwa. Pofuna kumupeza, amabaya pakhungu lozungulira khansa mankhwala a cheza chochepa otchedwa technetium-99m, n'kujambula kuti aone kumene apita. Ku fiyeta amabayanso utoto wobiriwira ngati thambo, ndipo patapita mphindi zingapo dokotala akang'amba m'mphechepeche amaona kamtsempha kopyapyala ngati ulusi katasanduka mtundu wa utotowo, kakulunjika kwa mwanabere mmodzi amene nayenso wadetsedwa ndi utoto. Kachipangizo kogwira m'manja kamalira kakayandikira mwanabere amene wamwa cheza chija. Ameneyo yekha ndiye amachotsedwa, ndipo ku labu amamudula tizidutswa tambirimbiri kufunafuna maselo ngakhale ochepa kwambiri. Wodwala asadabwe mkodzo wake ukasintha mtundu kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ndi utoto uja ukutuluka.

Amene amayenera njirayi amasankhidwa potengera kuzama kwa melanoma m'khungu, muyeso umene dokotala Alexander Breslow adaufotokoza mu 1970. Yozama kuposa milimita imodzi ndiyo imalimbikitsidwa kwambiri. Ya pakati pa mamilimita 0.8 ndi 1.0, kapena yopyapyala koma yachita chilonda pamwamba, amakambirana ndi wodwala; yopyapyala kuposa mamilimita 0.8 ndipo yopanda chilonda siifuna. Pa kafukufuku wamkulu wotchedwa MSLT-I, amene zotsatira zake zomaliza zidatuluka mu 2014, mwanabere woyambayu adapezeka ndi khansa mwa odwala pafupifupi 16 pa 100 alionse amene melanoma yawo inali yozama mamilimita 1.2 mpaka 3.5, ndipo mwa amene inali yozama kuposa apo anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Kafukufukuyo adaonetsa kuti njirayi ndi yamphamvu kwambiri pouza dokotala za tsogolo la matendawa ndi poteteza kuti khansa isadzabwerere m'anabere, koma sadaonetse kuti payokha imachepetsa imfa za melanoma pa gulu lonse la odwala. M'mayiko olemera phindu lake lakula chifukwa amene wapezeka ndi khansa m'mwanabereyu amapatsidwa mankhwala olimbikitsa chitetezo cha m'thupi monga pembrolizumab ndi nivolumab, omwe ndi okwera mtengo zedi. Pa squamous cell carcinoma njirayi sinakhazikike ngati mmene ilili pa melanoma, popeza khansa imeneyi imafika m'anabere mwa odwala ochepa pa 100 alionse, ngakhale chiopsezo chimakwera ikamera pakhutu, pamlomo, pa chipsera cha moto, ikakula kuposa masentimita awiri, kapena chitetezo cha m'thupi chikakhala chotsika.

Munthu wowerenga pa intaneti akhoza kuganiza kuti njira imeneyi ndiyo yapamwamba kuposa zonse ndipo kusaipeza n'kumanidwa chithandizo. Ndikuona kuti nkhaniyi ifunika kuiyeza modekha. Choyamba, njirayi ndi ya munthu amene anabere ake sanatupe. Odwala ambiri a kuno kumpoto, ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma, amafika bala la kuphazi litatha chaka kapena kuposerapo likutsukidwa ndi kumangidwa ngati la munga, ena atayamba adutsa kwa asing'anga poganiza kuti adaponda mankhwala. Pofika nthawi imeneyo mwanabere amakhala akuoneka ndi maso, ndipo kufufuza mlonda wa pachipata kulibenso tanthauzo; singano ndiyo ikufunika. Chachiwiri, mankhwala a cheza ndi kachipangizo kolira kaja si zinthu zopezeka wamba m'zipatala zathu. Utoto wokha, monga methylene blue, ndi wotsika mtengo ndipo dokotala waluso akhoza kuugwiritsa ntchito pa melanoma ya kuphazi, popeza njira ya timadzi ta kumwendo ndi yodziwika, koma mwayi wophonya mwanabere woyenera ndi waukulu kuposa pamene njira ziwiri zaphatikizidwa, ndipo pamsana kapena m'mutu utoto wokha sungauze dokotala kuti ang'ambe mbali iti. Chachitatu ndi nthawi. Kufufuzaku kumayenera kuchitika tsiku limodzi ndi opaleshoni yochotsa khungu lalikulu lozungulira khansa, chifukwa khungulo likachotsedwa kale timitsempha timaduka ndipo utoto ukhoza kusochera. Choncho amene ali ndi mwayi wokachitira njirayi kwina afunse asanalowe ku fiyeta, osati atatuluka.

Kuchotsa anabere onse a chigawocho

Iyi si njira yoyezera kwenikweni, ndi chithandizo, ndipo ndi yolemera kuposa zonse. Dokotala amasenda mafuta onse a m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi pamodzi ndi anabere amene ali m'menemo. Wodwala amadzuka ndi kapaipi kotuluka m'bala kolowa m'botolo, ndipo m'mawa uliwonse namwino amalemba kuchuluka kwa timadzi tachikasu timene tatuluka. Kapaipiko kakhoza kukhala sabata kapena kuposerapo. Mabala a m'mphechepeche amavuta kupola, amakonda kutseguka ndi kugwidwa ndi tizilombo. Chimene chimatsala moyo wonse mwa ena ndi kutupa kwa mwendo kapena mkono, chifukwa timadzi tasowa kolowera. Poyamba munthu amangoona kuti nsapato ya mbali imodzi yayamba kuthina madzulo. Pakapita zaka mwendo umalemera, khungu limalimba, ndipo kabala kakang'ono kamayambitsa malungo ndi kufiira kwa mwendo wonse. Kwa mlimi, kapena mayi amene amayenda pansi ndi dengu la masamba kuchokera ku Zolozolo kupita ku msika waukulu, zimenezi si zazing'ono.

Ngakhale zili choncho, mwanabere akatupa ndipo singano yatsimikiza kuti ndi khansa, koma m'mapapo ndi m'chiwindi muli bwino, opaleshoni imeneyi ndiyo mwayi waukulu wochira umene ulipo. Ngakhale pamene kuchira kuli kokayikitsa, imateteza munthu ku bala lalikulu lonunkha ndi lotaya magazi limene limabwera anabere akaphulikira kunja. Pa squamous cell carcinoma imene yagwira anabere angapo kapena yaboola chikopa cha mwanabere, opaleshoni imatsatiridwa ndi chithandizo chowotcha ndi cheza, chimene munthu wa kumpoto amayenera kukachipeza kutali ndi kwawo.

Pamene maganizo a madokotala adasintha ndi pa munthu amene khansa yangopezeka ndi maikulosikopu m'mwanabere woyamba uja. Kale ankachotsa ena onse nthawi yomweyo. Kafukufuku wa MSLT-II, wa odwala oposa 1,900, amene adafalitsidwa mu 2017, adayerekeza kuchotsa onse ndi kungoyang'anira ndi sikani. Patatha zaka zitatu, amene sadamwalire ndi melanoma anali 86 pa 100 alionse m'magulu onse awiri, koma kutupa kwa mwendo kapena mkono kudachitika mwa 24 pa 100 a gulu lochotsedwa anabere, poyerekeza ndi 6 pa 100 a gulu linalo. Kafukufuku wa ku Germany wotchedwa DeCOG-SLT adapeza zofanana. Powerenga zimenezi tikumbukire kuti odwala a gulu loyang'aniridwa ankapita ku sikani miyezi inayi iliyonse kwa zaka ziwiri zoyamba, kenaka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka chaka chachisanu, komanso kuti ambiri anali azungu a ku America, Ulaya ndi Australia, amene melanoma yawo si ya pansi pa phazi ngati yathu. Kwa munthu wokhala ku Katoto kapena ku Masasa, kubwera ku sikani katatu pachaka n'kotheka. Kwa wokhala kuseri kwa mapiri a Misuku, kumene nyengo ya mvula galimoto imasowa, lonjezo loti adzabwera miyezi inayi iliyonse liyenera kunenedwa moona mtima, chifukwa njira yoyang'anirayi imaima pa lonjezo limenelo.

Mmene njirazi zimagwera pa anthu awiri

Tiyerekeze bambo wachialubino wa zaka za m'ma 30, wogulitsa malonda panja tsiku lonse, amene ali ndi chilonda cholimba m'mphepete mwa khutu ndi kachotupa kutsogolo kwa khutulo. Kwa iyeyu sindiona chifukwa chodikira mankhwala opha tizilombo kwa mwezi wathunthu. Kachidutswa ka chilondacho kadulidwe kukayezedwa, sikani iunike tsaya ndi khosi lonse, singano ilowe m'kachotupako sabata yomweyo, ndipo kadontho kagawidwe kuti TB iyezedwenso. Zikatsimikizika, khutu ndi anabere zichitidwe opaleshoni nthawi imodzi, m'malo mochotsa chilonda lero n'kudzabwerera ku khosi patapita miyezi. Tiyerekezenso mayi uja wa poyamba, amene banga lakuda la pachidendene layezedwa n'kupezeka kuti ndi melanoma yozama mamilimita awiri, koma m'mphechepeche simukumveka kanthu ndipo sikani yaonetsa anabere abwino. Iyeyu ndiye woyenera kufufuzidwa mwanabere woyamba ngati njirayo ingapezeke. Ngati singapezeke, kuchotseratu anabere onse mongoganizira kungamubweretsere mwendo wotupa pomwe mwayi waukulu ndi wakuti mulibe khansa. Chomuyenera ndi kuchotsa bwino khansa ya pachidendene, kenaka kupapasidwa ndi kuunikidwa ndi sikani pa masiku olembedwa, iye mwini ataphunzitsidwa kudzipapasa m'mphechepeche kamodzi pamwezi posamba.

Njira iliyonse mwa izi imathera pa tebulo la katswiri woona maselo, ndipo akatswiri amenewa ndi ochepa m'dziko muno. Kwa zaka zambiri minofu yochokera kumpoto yakhala ikutumizidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kumene labu ya pa chipatala cha Kamuzu Central idatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita oposa 300 pa msewu wa M1, kotero kagalasi kapena kabotolo kamayenda ulendo wakewake, ndipo zotsatira zimabwerera ku chipatala, osati kunyumba kwa wodwala. Musanachoke m'chipinda chimene mwabayidwa singano kapena kudulidwa mnofu, pemphani kuti m'buku lanu la kuchipatala alembe tsiku limene mnofu watengedwa, malo a pathupi pamene watengedwa, nambala ya kabotolo, labu imene ukupita ndi tsiku loti mudzabwere kudzamva zotsatira. Siyani nambala za foni ziwiri, yanu ndi ya amene akukudwazikani. Mwanabere akakula, akayamba kufiira pamwamba kapena wina akatuluka pambali pake tsikulo lisanakwane, bwererani ndi bukulo osadikira foni.